Mboni zabodza m'khoti: bwanji sitimva kuti wina wamangidwa nazo?

Mlimi wa ku Kasenengwa:
Abale anga a pagulu pano, pali funso limene likundisowetsa mtendere. Tonse tikudziwa kuti pa milandu anthu amanama, kuyambira pabwalo la mfumu mpaka ku High Court. Munthu amagwira Baibulo, n'kulumbira, kenaka n'kunena zinthu zimene maso ake sanaone. Wina wagulidwa ndi thumba la feteleza, wina ndi mowa chabe, wina akungoimira mbale wake. Koma chibadwire changa sindinamvepo pa Breeze FM kapena pa Radio Maria kuti wakutiwakuti walowa m'ndende chifukwa chonama m'khoti. Kodi lamulo lake lilipo? Ngati lilipo, limagwira yani? Nanga munthu wamba wopanda loya angaigwire bwanji mboni yabodza isanamumize?

Wa njinga pa Kapata:
Akulu, ine ndimanyamula anthu opita kukhoti m'mawa uliwonse. Zimene amapangana ali kumbuyo kwanga panjinga zimandiwawa mtima. Wina amachita kukumbutsidwa panjira kuti "usaiwale, unene kuti linali Lachitatu."

Wophunzira malamulo:
Lamulo lilipo, atate, ndipo si lopepuka. Lili mu Penal Code, buku la milandu yaupandu ndi zilango zake, Chapter 87 ya malamulo a Zambia. Gawo 104 likuti munthu amene wapereka umboni wabodza pa mlandu, akudziwa kuti ndi bodza, pa mfundo imene ingatembenuze mlanduwo, wapalamula. Gawo 106 ndilo la chilango: ndende mpaka zaka 7. Zaka 7 zomwezo zimagweranso amene anamunyengerera kapena kumugula kuti aname. Wopanga umboni wachinyengo kuti asocheretse khoti ali pa gawo 108, ndipo woopseza mboni kapena kuitsekereza kuti isapite kukhoti ali pa gawo 112.

Koma pali gawo 107. Limeneli likuti munthu sangapezeke wolakwa pa mlandu wa umboni wabodza chifukwa cha mawu a mboni imodzi yokha yonena kuti ananama. Pamafunika china chochirikiza. Tsono kuti woweruza akane kukhulupirira mboni ndi nkhani ina, kuti mboniyo imangidwe ndi nkhani inanso.

Mlimi wa ku Kasenengwa:
Zikomo mwana wanga. Ndiye kuti wonamayo akagwidwa amangotuluka, n'kukwera njinga yake kubwerera kumudzi?

Wophunzira malamulo:
Kawirikawiri zimathera pomwepo, atate. Umboni wabodza ndi mlandu watsopano. Wina ayenera kukatenga kope la zimene khoti linalemba, kupita nalo kupolisi, kuti a National Prosecution Authority, oimira boma pa milandu, aone ngati pali pogwira. Munthu amene wangopulumuka kumene amakhala atatopa, ndalama zoyendera zatha, ndipo khoti safunanso kuliona.

Mayi wa pa Saturday Market:
Pamenepo mwakhudza chilonda changa. Mlongo wanga anamunamizira kuti anaba ng'ombe ziwiri zapagoli. Amene anakadandaula anali munthu amene anakangana naye za dimba chaka cham'mbuyo, ndipo mboni zake ziwiri zinali ana a mlongo wake. Onse awiri anati anamuona usiku akukusa ng'ombezo kulowera kumtsinje. Belo anamupatsa, koma khoti linafuna anthu awiri apantchito oti amuimire. Ife kumudzi kwathu wapantchito tikamupeza kuti? Anakhala pa rimandi mpaka anzake anakolola.

Chinamupulumutsa ndi loya wa ku Legal Aid Board, bungwe la boma loimira anthu osakwanitsa kulipira loya, mtsikana wamng'ono ndithu, amene ine poyamba ndinamuderera. Sanakalipe ngakhale pang'ono. Anafunsa mboni yoyamba kuti, munaima pati pamene munamuona? Iye anati pakhonde panga. Pakati pa khonde lanu ndi njira ya kumtsinje pali chiyani? Munda wanga wa chimanga. Unali mwezi wanji? Febuluwale. Chimanga chanu chinali chotalika bwanji? Munthu uja anayamba wanyadira kuti chinakula bwino chaka chimenecho, chinapitirira mutu wake. Atangotero anakhala chete, chifukwa anazindikira chimene wanena. Mboni yachiwiri, imene nthawi yonseyi inali panja, italowa inati onse awiri anali limodzi pa mjigo pamene anamuona. Wina khonde, wina mjigo.

Usiku umenewo mlongo wanga anali ku Katete, ku chipatala cha St Francis, akudwazika mkazi wake. Tinali ndi khadi la kuchipatala, ndiponso uthenga wa Airtel Money woonetsa tsiku ndi nthawi imene anatapa ndalama zimene ndinamutumizira. Khoti linamumasula. Koma mtedza wake unaolera m'munda, ana awiri anasiya sukulu chaka chimenecho, ndipo anyamata aja tikukumana nawo pamaliro, akudya nsima ngati palibe chinachitika.

Wophunzira malamulo:
Pepani amayi. Ndipo akanapezeka wolakwa zikanakhala zoopsa, chifukwa kuba ng'ombe chilango chake sichitsika pa zaka 5 ngakhale kwa munthu woyamba kupalamula.

Womasulira wopuma:
Mwana wa malamuloyu wanena za m'buku, ndipo wanena zoona. Ine ndinenepo zimene ndinaona, popeza ndakalamba nditaima pakati pa mboni ndi woweruza, ndikumasulira.

Chotsani maganizo akuti wabodza amadziwika pankhope. Ndinaona agogo achilungamo akunjenjemera mpaka Baibulo kufuna kugwa m'manja, mawu osatuluka, chifukwa chongoona wapolisi pakhomo ndi anthu ovala masuti. Ndinaonanso akatswiri a bodza akulankhula mosadodoma, maso ali pa woweruza, misozi ikafunika n'kuigwetsa. Mukamaweruza ndi thukuta la munthu mudzamanga osalakwa ambiri.

Bodza lophunzitsidwa lili ngati mphasa, limayamba kutha m'mphepete. Wophunzitsa mboni amaiphunzitsa pakati pa nkhani: ndinamuona, anavala malaya ofiira, anatenga ng'ombe ziwiri. Saiphunzitsa kuti iyo usiku umenewo imachokera kuti, inali ndi yani, agalu anauwa kapena ayi, itaona inayamba kuuza yani, ndipo bwanji sinakuwe kuti mudzi udzuke. Munthu amene analipodi amayankha zimenezi mosavuta, mwinanso n'kuwonjezera zosafunika, kuti ndinatuluka chifukwa m'mimba munandivuta. Wophunzitsidwa ukamuchotsa pamzere wake amathamangira pomwe anayambira, mawu omwewo, dongosolo lomwelo. Muuzeni ayambire pakati, kapena asimbe chobwerera m'mbuyo, mudzaona.

Za mwezi nazonso. Mboni zabodza za milandu ya usiku zimakonda kunena kuti mwezi unali mbee. Kalendala zambiri zimaonetsa mwezi, ndipo masiku ano ngakhale foni ingakuuzeni. Mukapeza kuti tsikulo kunali mdima wa ndiweyani, pitani nayo kalendalayo kukhoti.

Chimene chinkandipweteka kwambiri ndi ichi. Mboni ikamaliza, woweruza amafunsa woimbidwa mlandu kuti, uli ndi funso kwa mboniyi? Anthu athu pamenepo amayamba kulongosola nkhani yawo yonse, woweruza n'kuwadula kuti nthawi yake sinakwane. Ena amangoti "ukunama iwe, Mulungu akukuona," kenaka n'kuti ndilibe funso. Zikalembedwa kuti panalibe funso, umboni uja umakhala wosatsutsidwa. Nthawi yolongosola mbali yanu imabwera pambuyo. Pamenepa ndi pofunsa basi: funso limodzi lalifupi, dikirani yankho lilembedwe, kenaka lina. Ndipo chimene mukutsutsa muuzeni pamaso pake, kuti "ndikuti tsiku limenelo sunandione, chifukwa ndinali kwakutikwakuti," iye ayankhe.

Mlimi wa ku Kasenengwa:
Agogo, izi ndiye zofunika kuzisunga. Koma nanga womasulirayo akapotoza mawu? Ife Chingerezi cha m'khoti chimatidutsa.

Womasulira wopuma:
Nayenso amalumbira, mwana wanga, ndipo gawo 105 la Penal Code lomwelo ndi lake: akamasulira zabodza mwadala, mlandu wake ndi wofanana ndi wa mboni yabodza. Kukhala ndi womasulira waulere ndi ufulu wanu pa Article 18 ya malamulo aakulu a dziko, pamodzi ndi ufulu wofunsa mafunso mboni zonse za boma. Mukalankhula nthawi yaitali iye n'kumasulira mawu atatu, kwezani dzanja mwaulemu, muuze woweruza kuti sizinathe zimene ndanena. Kuno kwathu m'khoti mumalowa Chichewa, Chinsenga, Chitumbuka, Chikunda, ndipo si womasulira aliyense amene amazidziwa zonse mofanana. Nenani chilankhulo chanu pachiyambi pomwe.

Wapolisi wakale:
Ndiwonjezepo pa zimene anena a mdala. Chida chachikulu chogwirira wabodza ndi sitetimenti yake yoyamba, ija anapereka kupolisi nkhani ikadali yotentha, asanakhale pansi ndi omuphunzitsa. Kupolisi anati sindinamuzindikire chifukwa kunali mdima, miyezi isanu pambuyo pake m'khoti akutchula dzina ndi mtundu wa nsapato. Zatsopanozo zachokera kuti? Pa milandu ya ku High Court masitetimenti a mboni za boma amaperekedwa kwa woimbidwa mlandu usanayambe kuzengedwa, ndipo loya wabwino amawawerenga mzere ndi mzere. Mu OB, buku lija la pa kauntala, mumalembedwanso tsiku ndi nthawi imene dandaulo linafika ndi amene analibweretsa. Munthu akuti ng'ombe zinabedwa Lolemba ndipo wakuba anamuona ndi maso, koma kupolisi anafika sabata yotsatira. Masiku onsewo amadikira chiyani?

China. Ngati simunali pamalopo, nenani tsiku lomwe mwagwidwa, osati kusungira m'khoti. Tchulani malo, tchulani anthu amene munali nawo ndi kumene akhala. Mukatero wofufuza ali ndi udindo wopita kukafunsa. Supreme Court inanena kale zimenezi pa mlandu wa Katebe mu 1975, kuti si udindo wa woimbidwa mlandu kutsimikiza kuti anali kwina, ndi boma loyenera kutsutsa, ndipo wofufuza amene sanafufuze bwino zimenezi walephera ntchito yake.

Wa njinga pa Kapata:
Bwana, mwanena bwino, koma sitetimentiyo amalemba ndani? Munthu walankhula Chinyanja, papepala palembedwa Chingerezi, akuti dinda chala apa. Mawa m'khoti akumuwerengera zimene sananene. Apo wabodza ndi yani?

Wapolisi wakale:
Sindikana, mng'ono wanga, zimachitika, ndipo zimaipitsa dzina la ambiri amene amagwira ntchito mokhulupirika. Musadinde chala kapena kusaina musanawerengeredwe m'chilankhulo chanu. Ngati munakakamizidwa kapena kumenyedwa kuti muvomere, uzani woweruza nthawi imene akufuna kupereka pepalalo ngati umboni. Khoti limaimitsa mlandu waukulu n'kuyamba lafufuza ngati munavomera mwa kufuna kwanu. Kulinso Police Public Complaints Commission yolandira madandaulo okhudza apolisi, ndipo ngati pali ndalama zimene zadutsa pansi, imeneyo ndi nkhani ya Anti-Corruption Commission, bungwe lolimbana ndi ziphuphu.

Mkatekisiti wa ku Katete:
Nzeru yolekanitsa mboni ndi yakale kwambiri. Ife Akatolika timawerenga nkhani ya Suzana pa mutu 13 wa Danieli. Akuluakulu awiri, oweruza olemekezeka, anamunamizira chigololo chifukwa anawakana, ndipo anthu anawakhulupirira chifukwa cha imvi zawo. Danieli sanachite chozizwitsa chilichonse. Anangowalekanitsa, n'kufunsa aliyense payekha kuti munawaona pansi pa mtengo wanji. Wina anatchula mtengo wina, mnzake wina. Ndi khonde ndi mjigo za amayi aja. Pa Deuteronomo 19 chilango cha mboni yabodza chinali chomwecho chimene inafuna kuti chigwere mnzake. Ndikaganiza za munthu wofuna kuti mnzake akakhale zaka 15 kundende pa chinthu chimene sanachite, zaka 7 za m'buku lathu sindiziona kuchuluka.

Namwino wa ku Petauke:
Ndawerenga zonse ndipo ndikugwirizana nazo, koma ndili ndi nkhawa ndi kumene nkhaniyi ingapite. Tikamakamba za mboni zabodza timaganiza za munthu wosalakwa amene akunamiziridwa. Bodza limene ine ndimaliona kwambiri pantchito yanga ndi la mbali inayo. Mwana wagwiriridwa, wabwera naye mayi ake akulira, tamupima, fomu ya apolisi yadzazidwa. Pakapita miyezi, mayi yemweyo akuima m'khoti kunena kuti mwanayo anagwa panjinga, kapena kuti ndi wabodza chibadwire. Chachitika n'chiyani? Akubanja akhala pansi, aona kuti wopalamulayo ndi malume kapena bambo womupeza amene amagula ufa, aona kuti chilango chake sichitsika pa zaka 15, apereka mbuzi, nkhani yatha. Mwana uja amaphunzitsidwa kukana zimene zinamuchitikira, ndipo amabwerera kukagona m'nyumba yomweyo.

Umenewonso ndi umboni wabodza, abale anga. Ndiye tisaphunzitse anthu kuti mwana kapena mayi akasokoneza tsiku ndiye kuti akunama. Munthu wozunzidwa amaiwala tsiku, amasokoneza chimene chinayamba, koma chimene chinamuchitikira saiwala.

Womasulira wopuma:
Mwanena zoona, amayi, ndipo ndikanayenera kutsindika pamenepa. Kusiyana pa zing'onozing'ono si bodza. Anthu awiri oona chinthu chimodzi sasimba mofanana: wina ati tambala woyamba atalira, wina ati kuli pafupi kucha. Kumudzi sitiyenda ndi wotchi. Ine zimene zinkandidabwitsa ndi mboni zofanana ndendende, mawu ndi mawu, mpaka popumira. Kusiyana kumene kumagwetsa umboni ndi kwa pa mtima wa nkhani, monga malo amene munthu anaima pamene akuti anaona.

Palinso mboni imene sikunama koma yalakwitsa. Yaona munthu kamphindi, mumdima, ili ndi mantha, ndipo ikukhulupirira ndi mtima wonse kuti ndi uje. Imeneyi ndiyo yovuta kuposa wabodza, chifukwa ilibe chobisa. Mafunso ake ndi ena: unamuona nthawi yaitali bwanji, kuwala kunachokera kuti, unkamudziwa kale kapena ayi.

Wophunzira malamulo:
Amayi a ku Petauke, amene amakakamiza mwana kapena mayi ake kusintha mawu akupalamula pa gawo 112 lija, ndipo milandu yotere siyenera kuthera pabanja. Mboni ya boma ikatembenuka m'khoti, woimira boma angathe kupempha chilolezo kuti aifunse mafunso ngati mboni yotsutsana naye, n'kuionetsa sitetimenti yake yoyamba. Vuto ndi lakuti sitetimenti ija imangothandiza kuonetsa kuti munthuyu ndi wosadalirika, siilowa m'malo mwa umboni wa m'khoti. N'chifukwa chake lipoti la kuchipatala ndi munthu amene mwanayo anayamba kumuuza zimakhala zofunika kwambiri. A Victim Support Unit, nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, auzidwe msanga ngati kubanja kwayamba zokambirana.

Nduna ya ku Chadiza:
Ndapempha mdzukulu wanga andilembere. Milandu yambiri ya anthu athu siifika kwa majisitireti. Imathera kwa nyakwawa, kwa mfumu, kapena ku Local Court kumene maloya salowa pa milandu ya chikhalidwe. Kumeneko bodza lalikulu ndi la malire a minda. Mwini munda akamwalira, pamatuluka mboni zonena kuti zinalipo pamene malemu ankapereka mundawo, zina mwa izo zinali zisanabadwe.

Ife pabwalo sitiweruza malire titakhala pansi pa mtengo. Timanyamuka, kupita kumundako. Mboni timaitenga imodzi imodzi, zina zitatsala kutali ndi kapaso, n'kuiuza kuti tsogola, tisonyeze. Amene analimapo amayenda molunjika: apa panali chulu chimene tinagumula, apa mzere wa khonje, mango awa anabzala ndi uje chaka cha njala. Wobwerekedwa amayenda akuyang'ana kumbuyo kufuna amene wamubweretsa. Ndipo funso langa loyamba kwa mboni iliyonse ndi lakuti, unaona kapena unamva? Akati ndinamva kwa amayi anga, ndimati zikomo, khala pansi, tiitane amayi akowo ngati ali moyo. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Koma ndikupempheni ana anga. Mukabwereketsa munda, ng'ombe kapena ndalama, lembani. Tsiku, malire, mayina a amene analipo, chidindo cha nyakwawa. Mukagula ng'ombe, sungani kalata ya nyakwawa ndi chilolezo cha a vetenale choyendetsera ziweto. Ngakhale buku la chipepeso pamaliro landithandizapo kudziwa kuti munthu anali mudzi uti tsiku lakutilakuti.

Mlimi wa ku Kasenengwa:
Zikomo atate. Nanga Local Court ikakhulupirira mboni zabodza, n'kukugwetsa?

Wophunzira malamulo:
Mumachita apilo kwa majisitireti pasanathe masiku 30. Ngati ndi mlandu waupandu umene waweruzidwa ndi majisitireti, apilo imapita ku High Court pasanathe masiku 14. Ambiri amataya mwayi chifukwa chokhala kunyumba akudandaula mpaka masiku atha.

Mayi wa pa Saturday Market:
Ine maganizo anga, abale a wodandaula asamaloledwe n'komwe kukhala mboni. Mwana wa mlongo wako angakutsutse pagulu? Kwathu kuno mwini mbumba akanena, ana a mlongo wake amangotsata.

Namwino wa ku Petauke:
Ayi amayi, apo sindikuvomera. Zoipa zambiri zimachitikira m'nyumba, ndipo oona ake ndi abale okhaokha. Mukatseka pakamwa pa abale, mayi womenyedwa usiku adzamuchitira umboni ndani?

Wophunzira malamulo:
Makhoti athu anadutsa pakati pa maganizo anu awiriwa. Mbale saletsedwa kuchitira umboni, koma woweruza ayenera kudzichenjeza ngati mboniyo ingakhale ndi chake chimene ikufuna kupulumutsa kapena kupindula. Mfundo imeneyi ili pa mlandu wa George Musupi wa 1978. Inamvekanso kwambiri pa mlandu wa Kambarage Kaunda, mwana wa pulezidenti woyamba, amene High Court inamuweruza kuti aphedwe mu 1991, koma Supreme Court inamumasula mu 1992. Mwa zina, khotilo linati mboni zimene zinali abale ndi abwenzi a womwalirayo zikanatha kukondera, ndipo woweruza anayenera kusamala nazo. Pambuyo pake makhoti anafotokozanso kuti ubale pawokha sukwanira kukanira umboni, pamafunika kuona ngati pali chifukwa chonamizira. Ndiye pa mlandu ngati wa mlongo wanu, amayi, mkangano wa dimba uja unayenera kutuluka m'mafunso: kodi si zoona kuti amalume ako anakangana nane chaka chatha, ndipo nkhaniyo inafika kwa nyakwawa?

Palinso mlandu wa Haonga wa 1976, umene unati mboni ikapezeka kuti yanama pa mfundo yofunika, zotsala zonse zimene yanena zimachepa mphamvu. Simufunika kugwetsa chilichonse chimene wanena. Bodza limodzi la pa mtima wa nkhani ndi lokwanira kugwedeza zonse.

Wa njinga pa Kapata:
Funso langa ndi la ndalama. Mboni yanga ili ku Vubwi, mlandu uli ku Chipata. Ndikaitumizira yoyendera ndi ya chakudya, ndaigula?

Wapolisi wakale:
Ayi. Kubweza zimene munthu wawononga panjira si kugula. Kugula ndi kumulipira kuti anene zakutizakuti, kapena kumulonjeza kuti tikapambana udzalandira mbuzi. Perekani yokwanira ulendo basi, poyera, ndipo musamuuze zonena. Akafunsidwa m'khoti kuti wakulipirira ndani galimoto, anene zoona, palibe chobisa pamenepo.

Mnyamata wa ku Mchini:
Akuluakulu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete chifukwa nkhaniyi ili pakhomo panga. Amalume anga ali ndi mlandu wa ngongole ku Local Court. Akuti anabweza ndalama kwa munthu wina, iye akukana. Andiuza kuti ndikanene kuti ndinalipo pamene ankapereka. Ine sindinalipo. Mumtima mwanga ndikukhulupirira kuti anabwezadi, chifukwa si munthu wakuba, ndipo ndiwo anandilipirira sukulu atate atamwalira. Ndikakana ndidzaoneka wosayamika pamaso pa mbumba yonse. Ndichite chiyani?

Mkatekisiti wa ku Katete:
Mwana wanga, wachita bwino kufunsa usanapite. Usakanene kuti unalipo.

Womasulira wopuma:
Mdzukulu wanga, ngakhale amalume ako atakhala kuti akunena zoona, iwe ukanena kuti unalipo wanama, ndipo ukawagwetsa ndi iweyo. Akakufunsa kuti ndalamazo zinali za mapepala a K100 kapena a K50, anaperekera m'nyumba kapena panja, inali nthawi yanji, panalinso yani. Amalume ako adzakhala atayankha kale zawo iwe uli panja. Mukasiyana, woweruza sadzakhulupiriranso ngakhale zoona zimene iwo anena, ndipo mlandu umene akanapambana udzawagwera.

Athandize njira ina. Khala nawo pansi, muyang'ane chimene chilipodi. Ndalamazo anazipeza kuti? Ngati anagulitsa chimanga ku FRA, bungwe la boma logula mbewu, kapena soya kwa ogula, lisiti lake lili ndi tsiku. Ngati anatapa pa foni, uthenga ulipo, ndipo ukafufutika a kampani ya foni angathe kupereka mndandanda wa zimene zinadutsa pa nambala yawo. Kodi atabweza anauza yani tsiku lomwelo? Kodi wokongozayo anasiya kubwera kudzalonjerera kwa nthawi yaitali bwanji asanayambirenso? Alipo amene anamumva akuyamika? Chimene iwe ukudziwadi, monga kuti unawaperekeza kukagulitsa mbewu sabata imeneyo, ukanene chimenecho, n'kulekera pomwepo.

Wophunzira malamulo:
Ndipo akakutengera chisamani cha khoti, pita, usathawe. Ukafunsidwa ngati unalipo, yankha kuti sindinalipo. Palibe amene angakuimbe mlandu pa yankho limenelo. Ukanama, gawo 106 likukhudza iwe ndi amalume ako pamodzi, iwe ponama, iwo pokutuma.

Nduna ya ku Chadiza:
Usakawakanire wekha maso ndi maso, mwanawe, angaone ngati mwano. Pita ndi munthu wamkulu amene iwo amamulemekeza, akakuyankhulire kuti mwanayu sakukana kukuthandizani, akukana kukuikani m'mavuto.

Mnyamata wa ku Mchini:
Ndamva, zikomo nonse. Ndakumbuka kuti mwezi umenewo anagulitsa nkhumba ziwiri kwa munthu wa butchala, ndipo amene anazinyamula pa ngolo ndi mnansi wathu. Mlandu uli Lachinayi. Madzulo ano ndiyamba ndalankhula ndi amayi, popeza ndi mlongo wawo ndipo amawamvera, kenaka mawa tipite tonse kwa amalume.